Dokotala wa za Ndege: Akutikhudza Bwanji Ife a ku Mafakitale a ku Kafue?

Ku Kafue kulibe bwalo la ndege zonyamula anthu. Tauniyi inakula chifukwa cha mtsinje, njanji, msewu waukulu wochokera ku Lusaka, ndiponso mafakitale: Nitrogen Chemicals of Zambia yopanga feteleza, Kafue Textiles imene kale inkadyetsa mabanja ambiri, ndi fakitale yosungunula zitsulo imene inabwera pambuyo pake. Komabe aliyense amene anagwirapo ntchito m'mafakitalewa amalidziwa tsiku lopimidwa m'thupi, pamene mtima umagunda poopa kuti dokotala angapeze kanthu ntchito n'kutha. Woyendetsa ndege amakhala ndi mantha omwewo chaka ndi chaka. Mafunso otsatirawa akuyambira pamenepo.

Kodi udokotala wa za ndege ndi chiyani kwenikweni?

Ndi nthambi ya zachipatala yoona mmene thupi la munthu limachitira likachoka pansi. Dokotala wa kuchipatala chathu amafunsa kuti munthu uyu akudwala chiyani ndipo achira bwanji. Dokotala wa za ndege funso lake ndi lina: kodi m'miyezi ikubwerayi muli china chimene chingamugwetse munthuyu mwadzidzidzi ali pachiwongolero, kumbuyo kwake kutakhala anthu odzaza ndege? Nthawi zambiri munthu amene akumupimayo sakudwala n'komwe. Dokotala yemweyo ndi amenenso amaweruza ngati wodwala angakwere ndege popanda kukulitsa matenda ake, ndipo ngozi ikachitika amathandiza kufufuza ngati kutopa, mankhwala kapena matenda zinali ndi mbali.

Ntchitoyi ndi yakale kuposa ndege. Mu 1875 amuna atatu a ku France anakwera chibaluni chotchedwa Zénith mpaka kupitirira mamita 8,000. Anali atanyamula matumba a okosijeni, koma pamene ankafunika kuwagwiritsa ntchito manja anali atalefuka kale. Awiri anafera m'mwamba momwemo, Gaston Tissandier yekha ndiye anatsika wamoyo. Patapita zaka zitatu, mu 1878, katswiri wina dzina lake Paul Bert anatulutsa buku lofotokoza chimene chinawapha.

Chinawapha n'chiyani? Kodi m'mwamba mulibe mpweya?

Mpweya ulimo, ndipo okosijeni amakhalabe magawo 21 pa 100 alionse monga pansi pano. Chimene chimachepa ndi mphamvu imene mpweyawo umakankhira. Munthu akafika mamita pafupifupi 5,500, mphamvuyo imakhala theka la imene ili m'mphepete mwa nyanja yamchere, choncho okosijeni salowa mokwanira kuchoka m'mapapo kupita m'magazi. Munthu amapuma ndithu, chifuwa chikukwera ndi kutsika, koma ubongo uli pa njala.

Choopsa chake n'chakuti vutoli silipweteka. Amene anagwirapo ntchito pafupi ndi ammonia ku fakitale ya feteleza amadziwa kuti mpweya umenewo sumabisala: ukangotuluka pang'ono maso amayabwa, kukhosi kumawawa, miyendo n'kuthawa yokha. Kuchepa kwa okosijeni kulibe chenjezo lotero. Munthu amayamba kuchedwa kuganiza, maso amachita chidima m'mbali, milomo ndi zikhadabo zimada, koma mwiniwake amadzimva bwinobwino, ena mpaka amasangalala. Pamtunda umene ndege zikuluzikulu zimauluka, mamita 10,000 mpaka 11,000, munthu wopanda okosijeni wapadera amakhala ndi masekondi 30 mpaka 60 okha oti achite chinthu chanzeru. N'chifukwa chake ogwira ntchito m'ndege amati mayi ayambe wavala yekha chopumira chija asanamuveke mwana. Kwa mayi wa kwathu kuno langizo limeneli limamveka lankhanza, koma mayiyo akakomoka onse awiri atsala opanda wowathandiza.

Nanga bwanji anthu amapita ku Johannesburg kapena ku Dubai osavala chopumira?

Chifukwa ndege imapopera mpweya m'kati mwake. Koma saupopera mpaka kufanana ndi wa pansi. M'kati mwa ndege mumakhala ngati muli paphiri la mamita 1,800 mpaka 2,400. Kafue ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,000, Lusaka ili pamwamba pang'ono, ndiye kwa munthu wathanzi wa kuno kusiyanako n'kochepa. Kwa amene mtima, mapapo kapena magazi ake ndi operewera kale, kusiyana kochepako kumakula.

Palinso china. Mpweya uliwonse wotsekeredwa m'thupi umafufuma ndege ikamakwera, pafupifupi ndi gawo limodzi mwa magawo atatu. Mukamwa madzi m'botolo la pulasitiki muli m'mwamba n'kulitseka zolimba, mudzalipeza litafinyika mukamatera. Zomwezo zimachitika m'khutu, m'mphuno, m'matumbo, ngakhale m'dzino lobooka. Woyendetsa ndege amene ali ndi chimfine chotseka mphuno sauluka, pakuti ululu wa m'khutu potera ungamusokoneze pa nthawi imene akufunika nzeru zake zonse.

Makina opopera mpweyawo akalephera anthu osazindikira, mapeto ake ndi aja a ndege ya Helios Airways pa 14 Ogasiti 2005. Inanyamuka ku Cyprus, oyendetsa anakomoka pang'onopang'ono, ndegeyo n'kumangouluka yokha mpaka mafuta anatha ndipo inagwa pafupi ndi Athens. Anthu onse 121 anafa.

Ku Zambia kuno ndani amayang'anira zimenezi?

Malamulo akuluakulu amachokera ku ICAO, bungwe la United Nations loona za maulendo a pandege, lomwe likulu lake lili ku Montreal ndipo maziko ake ndi pangano la ku Chicago la 1944. ICAO simapima munthu. Imangoika muyezo, dziko lililonse n'kuusandutsa lamulo lake. Kuno ntchitoyo ili m'manja mwa Zambia Civil Aviation Authority, imene inakhazikitsidwa ndi lamulo la 2012. Bungweli ndilo limapereka malaisensi, ndipo limasankha madokotala amene chiphaso chawo limachivomereza. Si dokotala aliyense angasaine, ngakhale atakhala katswiri wa mtima wodziwika dziko lonse. Ayenera kukhala ataphunzira udokotala wa za ndege ndi kuikidwa ndi bungwelo. Muyezo wa ICAO umafunanso kuti pamwamba pa madokotala opimawa pakhale dokotala wina wounika malipoti awo ndi kugamula nkhani zovuta. Asilikali a Zambia Air Force ali ndi madokotala awo ndi miyezo yawo.

Wina angaganize kuti zonsezi ndi mapepala chabe. Mu 2009 mayiko a European Union analetsa ndege za makampani a ku Zambia kulowa kwawo chifukwa sanakhutire ndi kayang'aniridwe ka chitetezo cha ndege m'dziko muno, ndipo chiletsocho chinachotsedwa mu 2016 zinthu zitakonzedwa. Kupima oyendetsa ndi mbali imodzi ya kayang'aniridwe kameneko. Dziko likamapereka ziphaso mwachisawawa, mayiko ena amasiya kukhulupirira laisensi iliyonse yochokera kumeneko, ndipo wolangika ndi mnyamata kapena mtsikana amene anaphunzira moona mtima.

M'chipinda chopimiramo mumachitika zotani?

Ziphaso zilipo za magulu atatu. Class 1 ndi ya oyendetsa ndege zamalonda, Class 2 ya oyendetsa ndege zawozawo, Class 3 ya aja amakhala munsanja pabwalo la ndege kulondolera ndege zotera ndi zonyamuka. Ya Class 1 imatha pakapita miyezi 12, ndipo munthu akamakula imafupika kufika miyezi 6. Pa maulendo amalonda opita kunja, woyendetsa amalekeza pa zaka 65.

Kupimako kumayamba ndi fomu ya mbiri ya thanzi lanu, imene mumasaina kuti zonse mwalembazo ndi zoona. Kenako mkodzo, magazi, BP, ndi mawaya a ECG pachifuwa. Pa maso amafuna kuti diso lililonse lione bwino patali ndi pafupi, ndipo magalasi ndi ololedwa. Ambiri amaganiza kuti wovala magalasi sangayendetse ndege, koma si zoona. Chimene chimadzidzimutsa anthu ndi kabuku ka Ishihara: masamba odzaza timadontho tamitundumitundu, m'kati mwake mutabisika manambala. Wina amawerenga 74 mosavuta, mnzake pa tsamba lomwelo akuona 21. Wachiwiriyo amakhala kuti sasiyanitsa bwino chofiira ndi chobiriwira, vuto lobadwa nalo limene limapezeka kwambiri mwa amuna, ndipo ambiri amakula osalidziwa. Pa ndege, nyali za kumapiko ndi za pabwalo zimalankhula ndi mitundu yomweyo.

Kenako amakulowetsani m'kachipinda kotsekedwa bwino, kukuvekani mahedifoni ndi kukupatsani kabatani m'manja. Kaphokoso kakang'ono kakalira mumadina. Kamanka kachepa, kachepa, mpaka simudziwanso ngati mwakamvadi kapena mukungoganiza. Pamenepo ndi pamene zaka za m'fakitale zimaonekera.

Ndiye kuti wogwira ntchito m'fakitale amene akusunga ndalama zoti akaphunzire kuyendetsa ndege ali pangozi?

Makutu ake ndiwo ali pangozi, ndipo nkhaniyi ndimaitenga mwamphamvu chifukwa ndi yopeweka. Phokoso lofika madesibelo 85 kwa maola 8 tsiku ndi tsiku limawononga timinyewa ta m'kati mwa khutu, ndipo tikafa sitimeranso. Muyezo wosavuta ndi uwu: ngati mukufunika kukuwa kuti mnzanu amene waima pafupi nanu akumveni, phokosolo lafika poononga. Pamalo odulira ndi kusungunulira zitsulo, pa makompuresa ndi pa majenereta, phokoso lotere si lachilendo. Kugontha kwake kumayambira pa mawu okwera kwambiri, amene munthu sawasowa pocheza, ndiye zaka zimapita iye akuti ali bwino. Muyezo wa ICAO umati woyendetsa ndege asataye kumva kopitirira madesibelo 35 pa mafunde a 500, 1,000 ndi 2,000 Hz, kapena 50 pa 3,000 Hz. Wopitirira pamenepo amapimidwanso mwapadera kuti aone ngati angamve mawu a pawailesi m'phokoso la ndege, ndipo si onse amapambana.

Timapulagi ta m'makutu tija ambiri amatisiya m'thumba la ovolosi ponena kuti timatentha kapena timayabwa. Mnyamata wa zaka 22 amene amatisiya lero akhoza kudzapeza kuti khomo la ntchito ina analitseka yekha asanaligogode. Chimodzimodzi magalasi a wowotcherera ndi chotchinga fumbi pamphuno. Bungwe la Occupational Health and Safety Institute ku Kitwe, limene linayamba ndi kupima mapapo a anthu a m'migodi, limagwira ntchito yapachibale ndi ya dokotala wa za ndege: onse amaona munthu pamodzi ndi malo ake a ntchito.

Kodi HIV, BP kapena shuga zimathetseratu maloto a munthu?

Osati mwa izo zokha. Muyezo wa ICAO umalola kuti munthu amene ali ndi HIV apatsidwe chiphaso ngati wapimidwa mokwanira ndipo zaoneka kuti thanzi lake ndi lokhazikika. BP yotsika bwino ndi mankhwala ovomerezeka siletsa kuuluka. Shuga amaonedwa payekhapayekha, ndipo wofunika jakisoni wa insulin ndiye amavuta kwambiri. Khunyu, kukomoka kosadziwika chifukwa chake ndi matenda ena a mtima ndiwo amatseka njira kawirikawiri, chifukwa amagwetsa munthu mosachenjeza.

Malungo ndi nkhani ya tsiku ndi tsiku kwa ife okhala m'mbali mwa mtsinje wa Kafue. Woyendetsa amene akumva kuphwanya m'thupi sayenera kuuluka mpaka atayezetsa, kumwa mankhwala onse ndi kuchira. Ngakhale mankhwala oteteza amasankhidwa: mefloquine sapatsidwa kwa oyendetsa ndege chifukwa amatha kubweretsa chizungulire ndi kusokoneza maganizo. Mapiritsi wamba a chimfine ogula pa kantemba, aja amagonetsa, nawonso ndi oletsedwa asananyamuke. Pa mowa, lamulo lofala ndi kusiya kumwa maola osachepera 8 asanauluke, ndipo makampani ambiri amaonjezera.

Kutopa nakonso ndi nkhani ya dokotala?

Mzambia aliyense wamkulu akukumbukira usiku wa pa 27 Epulo 1993, pamene ndege ya asilikali ya mtundu wa Buffalo inagwera m'nyanja itangonyamuka ku Libreville, ku Gabon. Inanyamula timu ya dziko ya mpira popita ku Dakar kukasewera ndi Senegal. Anthu onse 30 anafa, 18 mwa iwo osewera, ndipo manda awo ali pafupi ndi Independence Stadium ku Lusaka. Lipoti la boma la Gabon, limene linatuluka mu 2003, linati injini yakumanzere inali ndi vuto, woyendetsa anazimitsa yakumanja imene inali yabwino, ndipo linatchula kutopa kwake monga chimodzi mwa zifukwa. Sindikubweretsa nkhaniyi kuti tiloze chala munthu amene anafera limodzi ndi anzake. Ndikuibweretsa chifukwa kutopa kumachita zomwezo kwa aliyense: dzanja lodziwa ntchito limagwira chosayenera.

Wa shifiti ya usiku amaidziwa nthawi ija ya pakati pa 2 ndi 6 koloko m'bandakucha, pamene zikope zimalemera ngakhale wamwa tiyi wochuluka bwanji. Thupi limakhala litatsika, ndipo kulimba mtima sikulikweza. Kafukufuku wa ku Australia wa mu 1997 anapeza kuti munthu amene wakhala maso maola 17 amalakwitsa zinthu mofanana ndi amene walawa mowa. N'chifukwa chake maola a ntchito ndi opuma a oyendetsa ndege amalembedwa m'malamulo, ndipo woyendetsa ali ndi udindo wokana ulendo ngati watopa. Ndikanakonda kuti woyendetsa kireni kapena thanki ya mafuta pamsewu wa Kafue akhale ndi ufulu wonena mawu omwewo popanda kuopa kuchotsedwa ntchito.

Ngati kunena zoona kungamuchotsere munthu chiphaso, ndani angaulule matenda ake?

Apa ndiye pagona nkhani yonse. Makina a dokotala amaona zochepa. ECG sionetsa kuti munthu anakomoka kubafa mwezi watha, sionetsa kuti sakugona chifukwa cha ngongole kapena maliro, sionetsa botolo limene amabisa. Zimenezi amazidziwa ndi mwiniwake yekha. Pa 24 Malichi 2015 wothandizira woyendetsa ndege ya Germanwings anagwetsa dala ndege m'mapiri a ku France, anthu 150 n'kufa. Ofufuza anapeza kuti anali kudwala maganizo, madokotala ena anali atamulembera makalata oti apume pantchito, koma iye sanawapereke kwa abwana ake.

Yankho lofulumira likanakhala kukhwimitsa malamulo kuti aliyense wodwala maganizo achotsedwe. Koma zikatero aliyense amatseka pakamwa, ndipo matenda obisika ndi oopsa kuposa odziwika. Mayiko a ku Ulaya anasankha kulamula makampani kuti akhale ndi njira yoti woyendetsa athe kuuza anzake a ntchito ophunzitsidwa bwino, alandire thandizo mwachinsinsi, apume, kenako abwerere akachira. Ndikuona kuti imeneyi ndiyo nzeru. Dokotala wabwino wa za ndege cholinga chake ndi kusunga munthu pantchito mosaika ena pangozi, ndipo ambiri amene amaimitsidwa amabwerera. Koma zimatheka pokhapokha wopimidwayo akukhulupirira kuti kuulula sikumuphera banja ndi njala. Bambo wa ku Kafue Estates amene amabisa chizungulire chake kwa dokotala wa kampani sachita zimenezo chifukwa cha umbuli. Amawerenga ana amene ali pasukulu. Bwana amene akufuna choonadi ayambe wayankha funso la bamboyo: ndikanena, mawa ndidya chiyani?

Munthu akavulala kwambiri ku fakitale, angatengedwe pa ndege?

Kuchokera ku Kafue, ambulansi ya pamsewu ndiyo yachangu, pakuti Lusaka ndi University Teaching Hospital zili pa makilomita pafupifupi 45 okha. Ndege imafunika kumadera akutali, ndipo ndiyo ntchito ya Zambia Flying Doctor Service, imene inayambitsidwa ndi Dr James Lawless mu 1965 ndipo likulu lake lili ku Ndola. Palinso FlySpec, imene Professor John Jellis anayambitsa mu 1982, yotengera madokotala a mafupa ku zipatala za kumidzi m'malo mosenzetsa odwala ulendo wa ku Lusaka.

Wovulala wa ku Kafue amakumana ndi ndege pamene akutumizidwa kunja, monga ku South Africa kapena ku India. Apa kufufuma kwa mpweya kuja kumasanduka nkhani ya moyo ndi imfa. Chitsulo chikamenya munthu pachifuwa, nthiti yothyoka ikhoza kubaya phapo, mpweya n'kuunjikana pakati pa phapolo ndi nthiti. Pansi munthuyo akhoza kumalankhula bwinobwino. M'mwamba mpweyawo umakula, kufinya phapo ndi kukankha mtima. Choncho amayamba amuika paipi pachifuwa yotulutsira mpweyawo asanamukweze. Wovulala m'mutu kapena m'diso, ndi amene wangochitidwa opaleshoni ya pamimba, amaunikidwa pa chifukwa chomwecho. Nthawi zina dokotala amapempha woyendetsa kuti aulukire m'munsi, ngakhale kuti kutero kumadya mafuta ambiri. Achibale amaona ngati madokotala akuchedwetsa dala, chonsecho akukonza kuti wodwalayo akafike wamoyo.

Nanga ife okwera wamba tisamale chiyani?

Amene ali ndi sickle cell, matenda amene ali m'mabanja ambiri kuno, aonane ndi dokotala asanagule tikiti, chifukwa kuchepa kwa okosijeni ndi kuuma kwa mpweya wa m'ndege zikhoza kudzutsa ululu. Chimodzimodzi wochepa magazi kwambiri ndi amene amabanika akangoyenda pang'ono. Wa TB amene akadali wopatsira ena sakwera. Mayi woyembekezera makampani ambiri amamulola mpaka masabata 36, kapena 32 ngati ndi mapasa. Chikhakha chongoikidwa kumene pa mwendo kapena mkono chimafuna kudikira tsiku limodzi kapena awiri musanakwere, kapena achicheke m'mbali, chifukwa chiwalo chimatupa. Pa ulendo wopitirira maola 4 magazi amatha kuundana m'mitsempha ya m'miyendo, ndiye imwani madzi, gwedezani mapazi, imirirani nthawi ndi nthawi. Mankhwala anu akhale m'chikwama cha m'manja. Makampani a ndege ali ndi fomu yotchedwa MEDIF imene dokotala wanu amalemba ngati muli ndi matenda aakulu, ndipo ndi bwino kuitumiza masiku angapo ulendo usanafike.

Aja amakufunsani khadi lachikasu la yellow fever pa Kenneth Kaunda International Airport ndi a zaumoyo a pachipata, ndipo amatsata malamulo a World Health Organization a 2005. Matenda nawonso amakwera ndege: odwala COVID-19 oyamba ku Zambia, amene analengezedwa pa 18 Malichi 2020, anali atangobwera kumene kuchokera ku France.

Mwana wanga akufuna kukhala woyendetsa ndege. Tiyambire pati?

Yambirani kwa dokotala, musanagulitse ng'ombe kapena kutenga ngongole pa penshoni. Funsani ku Zambia Civil Aviation Authority maina a madokotala ovomerezeka, ndipo mwanayo apimidwe pa muyezo wa Class 1 ngakhale kuti maphunziro oyamba safuna muyezo wokwera chotero. Ndalama ya kupimako ndi yochepa poyerekeza ndi fizi ya sukulu ya ndege, ndipo ndi bwino kudziwa za maso, makutu kapena mtima wake fizi isanalipidwe. Atenge magalasi ake ndi makadi onse a kuchipatala, agone mokwanira, ndipo apewe phokoso lalikulu tsiku loti mawa akapimidwa makutu. Pa fomu alembe zonse, ngakhale mphumu ya ali mwana, chifukwa chobisika chikadzatulukira pambuyo pake chikhoza kumulanditsa laisensi.

Zikapezeka kuti Class 1 siyotheka, mufunseni dokotalayo kuti ndi ntchito ziti za ndege zimene vutolo silitsekereza. Zambia Air Services Training Institute, pafupi ndi bwalo la ndege la Kenneth Kaunda, imaphunzitsanso amakaniko a ndege ndi ntchito zina za pabwalo, ndipo mwana amene anakulira pakati pa mafita ndi owotcherera a ku Kafue amafika kumeneko atazolowera kale sipanala.